CIMBALE CIKAKANA KUONETSA KUMUDZI, COLAKWA CINACITIKIRA PA KOMPYUTA

Yolembedwa ndi Mtolankhani Wathu, Lundazi

Miyezi ya cilimwe, pamene cimanga calowa m'nkhokwe ndipo ndalama za nshawa, thonje ndi soya zili m'manja mwa alimi, ndiyo nyengo ya maukwati m'midzi ya a Mfumu Mphamba m'boma la Lundazi. Ndiyonso nyengo yomanga ziliza pa manda a makolo, nyengo ya misonkhano ya makwaya, ndi ya mwambo wa Kulonga umene Atumbuka a kwa Mphamba amathokoza nao cifukwa ca zokolola. Pa zocitika zonsezi masiku ano sipalephera kupezeka mnyamata wonyamula kamera kapena foni, ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri mwini phwando amalandira cimbale ca DVD cimene analipira ndi thukuta la kumunda.

Tsiku limene cimbale cafika limakhala ngati phwando laciwiri. Batire imakhala pa sola usana wonse, madzulo wailesi ya kanema imatulutsidwa pakhonde, anansi amayala mphasa, ndipo agogo amene sanathe kuyenda ulendo wa ku chalichi amapatsidwa mpando wa patsogolo kuti aone mdzukulu wao atavala zoyera. Koma kawirikawiri cimene cimatsatira ndi manyazi. Makina a DVD amazunguza cimbale, nalira pang'ono, kenaka nalemba mau a Cingelezi akuti mkati mwake mulibe kanthu. Nthawi zina cithunzi cimabwera koma mau palibe. Nthawi zina mau amatsogola, milomo ya abusa nitsalira m'mbuyo. Pena anthu onse amaoneka aafupi ndi otupa ngati mitsuko, pena kanema yense amakhala wakuda ndi woyera monga wa masiku a atsamunda.

M'mawa mwake mkangano umayamba. Mwini phwando amapalasa njinga kupita ku boma nakauza mnyamata uja kuti wam'dyera ndalama. Mnyamata amaika cimbale comweco m'kompyuta yake, kanema naoneka bwino lomwe, ndipo amayankha kuti makina a kumudziwo ndiwo atha. Onse awiri amanena zimene aona ndi maso ao, ndipo pakati pao palibe wonama. Komabe pa milandu yambiri yotere cimbale sicinafe ndipo makina sanathe ai. Colakwa cinacitika kale, pa mphindi zowerengeka zimene mnyamata anali kusankha miyeso ya kanema pa kompyuta, cimbale cisanaochedwe.

MAKINA AKALE, MAFONI ATSOPANO

Anthu a ku Lundazi anayamba kale kuona kanema. Akuluakulu amakumbukira galimoto za nthambi ya Boma yofalitsa nkhani zimene zinali kuyendera midzi ndi kuonetsa zithunzi zoyenda pa nsalu yoyera usiku. Wailesi ya kanema inayamba m'dziko lino m'caka ca 1961 ku Kitwe, koma panapita zaka zambiri isanafike ku madera akutali ndi njanji. Pambuyo pake kunabwera matepi a VHS ndi tinyumba toonetsera kanema m'misika. Cimbale ca VCD cinatuluka m'caka ca 1993, ca DVD m'caka ca 1996 ku Japan, ndipo makina otsika mtengo ocokera ku China ataculuka m'masitolo, mabanja ambiri a kumudzi anagula ao. Lero m'mizinda anthu ambiri asiya zimbale nayamba kutumizirana kanema pa foni, koma kumudzi makina a DVD akali ndi nchito, pakuti safuna ndalama za intaneti, amadya moto wocepa, ndiponso banja lonse limaonera pamodzi m'malo mopanikizana pa kagalasi kakang'ono.

Vuto lagona pakuti malamulo amene makina a DVD amatsata anaikidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo sanasinthe kufikira lero. Makinawa ali ngati nkhalamba yodziwa cilankhulo cimodzi cokha, cimene dzina lake ndi MPEG-2. Foni ya masiku ano imalemba kanema m'cilankhulo cina, kawirikawiri ca H.264, niika m'fayilo ya mtundu wa MP4. Kompyuta yokhala ndi pulogalamu monga VLC imamva zilankhulo zonsezi, ndipo n'cifukwa cake cimbale ciri conse cimaoneka bwino m'sitolo ya mnyamata. Kuyesa cimbale pa kompyuta, kunena zoona, sikuyesa konse.

Colakwa coyamba, ndiponso cofala kuposa zonse, ndico kukopera fayilo ya MP4 pa cimbale monga momwe munthu amakoperera makalata kapena zithunzi. Cimbale cotere ndi nkhokwe ya mafayilo cabe, si cimbale ca kanema. Makina ena atsopano amatha kuwerenga mafayilo ena otere, makamaka a AVI, koma ambiri amene ali m'midzi amawakana. Cimbale ceniceni ca kanema cimadziwika mosavuta, ngakhale kwa munthu wosadziwa Cingelezi. Cikatsegulidwa pa kompyuta mumaoneka foda ya dzina lakuti VIDEO_TS, ndipo m'kati mwake muli mafayilo a mitundu itatu. A VOB ndiwo asunga kanema ndi mau, ndipo ali onse saposa 1 GB. A IFO ndiwo auza makina pamene kanema wayambira ndi pamene zigawo zake ziri. A BUP ndi makope a IFO, osungidwa kuti athandize ngati oyambawo akandika. Ngati foda imeneyi palibe, mwini phwando asalandire cimbaleco.

Makompyuta a Windows Vista ndi Windows 7 ambiri anali kubwera ndi pulogalamu yochedwa Windows DVD Maker imene inali kucita nchito yosandutsa kanema yokha, koma Windows 8 itatuluka pulogalamuyo inacotsedwa, ndipo sinabwererenso. Anyamata amene anaphunzira nchito pambuyo pake anapeza njira yokoka fayilo ndi kuiponya pa cimbale, nayesa kuti nchito yathera pomwepo. Mapulogalamu oyenera alipo ndithu, ena osalipira monga DVDStyler ndi DVD Flick, ena ogula monga Nero. Pulogalamu yochuka ya HandBrake ndi yabwino pa kucepetsa mafayilo a pa foni ndi pa fulashi, koma siipanga cimbale ca DVD, ndipo wogwiritsa nchito iyo yokha adzabwerera ku vuto lomwe lija.

PAL NDI NTSC

Pulogalamu yoyenera ikatsegulidwa, funso loyamba limene imafunsa ndi lakuti cimbale cikhale ca PAL kapena ca NTSC. Ambiri amadumpha funsoli, ndipo mapulogalamu ena amasankha okha NTSC cifukwa analembedwera anthu a ku America. Koma Zambia, Malawi, South Africa ndi Britain anatsata PAL, pamene America ndi Japan anatsata NTSC. Gwero la kusiyanaku ndi magetsi. Kumene magetsi amagunda ka 50 pa sekondi, monga kuno, kanema anaikidwa kuti aonetse zithunzi 25 pa sekondi, ndipo kumene amagunda ka 60 anaikidwa pa zithunzi pafupifupi 30. Pa DVD, cithunzi ca PAL cimakhala ndi timadontho 720 m'mbali ndi mizere 576 kutsika pansi, pamene ca NTSC cili ndi 720 ndi 480.

Boma linayamba kuzima njira yakale youlutsira kanema m'caka ca 2017 m'mbali mwa njanji, polowa m'njira ya dijito, koma zimenezi sizinasinthe kanthu pa makina a DVD a m'nyumba. Cingwe cija ca mitu itatu, wacikasu, woyera ndi wofiira, cikali kunyamula PAL kapena NTSC monga kale. Makina ambiri a ku China amawerenga zonse ziwiri, koma wailesi ya kanema yakale ya cimimba, imene inapangidwira PAL yokha, ikalandira NTSC imaonetsa zakuda ndi zoyera kapena cithunzi cimagubuduzika kosaima. Conco cimbale cocokera kwa acibale a ku Mzimba kutsidya kwa malire kapena a ku Johannesburg sicivuta pa mfundo iyi, koma cocokera kwa mwana wokhala ku America cingavute.

Pali msampha wina pomwepa. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi, ngakhale agulidwe ku Chipata kapena ku Lusaka. Posandutsa kanema wotere kukhala PAL, kompyuta imataya zithunzi 5 pa sekondi iri yonse, ndiye kuti cimodzi mwa zisanu ndi cimodzi. Pa munthu wokhala pa mpando kutayikako sikuoneka, koma pa anyamata ovina muganda, kapena pamene wojambula atembenuza kamera kutsata gulu, kanema amatsimphina pang'onopang'ono ngati njinga ya cheni codumpha. Mankhwala ake ndi kukonza kamera kapena foni isanayambe nchito, kuti ijambule pa 25 kapena pa 50 ngati ili ndi malo osankhira zimenezi. Ngati kanema wajambulidwa kale pa 30, ndipo eni ake ali ndi wailesi yatsopano yopyapyala imene imalandira zonse, kupanga cimbale ca NTSC kumasunga kayendedwe kabwino. Koma mnyamata ayenera kufunsa za wailesi ya kumudziko, osati kulota.

Za anthu otupa ngati mitsuko nkhani yake ndi yaifupi. DVD imadziwa maonekedwe awiri okha, 4:3 ya mawailesi akale ndi 16:9 ya otambalala. Kamera ndi mafoni a lero amajambula 16:9, ndipo ndiyo yofunika kusankha, pakuti makina a DVD oikidwa bwino amaika okha mizere yakuda pamwamba ndi pansi ngati wailesi ndi yakale. Cosakonzeka ndi kanema wojambulidwa foni itaimirira. Pa galasi lotambalala kanema wotere amangotenga kamzere kapakati kosafika gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo wofuna kudzaza galasi pomukoka m'mbali ndiye amatupitsa mkwatibwi. Foni yojambulira za cimbale igonekedwe cammbali kuyambira paciyambi.

UFA NDI ALENDO

Mfundo imene imasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa ndi masamu a bitrate, ndiko kunena mlingo wa malo amene sekondi iri yonse ya kanema imapatsidwa pa cimbale. Cimbale wamba cimalembedwa kuti 4.7 GB, ngakhale kompyuta imaonetsa 4.37 kapena 4.38 cifukwa imawerenga mwa njira yake. Mlingo umenewu sukula. Dengu limodzi la ufa lingaphike nsima yolimba ya anthu khumi, koma alendo akafika 40 mayi wa nyumba amakakamizika kuphika phala. Momwemonso cimbale cimodzi cingasunge ola limodzi la kanema wooneka bwino kwambiri, kapena maola anai a kanema wamadzimadzi.

Amisiri ali ndi njira yaifupi yowerengera. Amatenga 600,000 nagawa ndi mphindi za kanema, ndipo pa yankho amacotsapo 200 ya mau. Cotsala ndico cofunika kulemba pa malo a bitrate, m'muyeso umene pulogalamu imaucha kbps. Kanema wa mphindi 90 amapeza pafupifupi 6,500. Wa mphindi 120, ndiwo maola awiri, amapeza 4,800. Wa maola atatu amatsikira ku 3,100, ndipo wa maola anai amangotsala ndi 2,300. Kwa kanema wa ola limodzi masamu amapatsa 9,800, ndipo amenewa ndiwo malire amene malamulo a DVD amalola pa cithunzi, koma wanzeru amaima pa 8,000, pakuti makina akale amabanika powerenga cimbale coochedwa panyumba ca mlingo wokwera cotero, ndipo kanema amayamba kuima ndi kudumpha.

Mlingo ukacepa, cithunzi cimasweka kukhala timabokosi tating'ono. Timabokosi timeneti sitibwera paliponse mofanana. Kanema wa MPEG-2 sasunga cithunzi ciri conse cathunthu. Amasunga cathunthu cimodzi, ndipo pa zotsatira zake amangolemba zimene zasintha, kufikira cathunthu cina cimene pa PAL ciyenera kubwera pasanapyole zithunzi 15. Nkhoswe ikaimirira kulangiza banja latsopano, cimene cimasintha ndi milomo ndi dzanja basi, ndipo malo ocepa amakwanira. Koma azimai akalowa m'bwalo ndi zitenje za maluwa, fumbi likuuluka, masamba a mango akugwedezeka kumbuyo, zonse zimasintha nthawi imodzi, ndipo pamenepo ndi pamene nkhope zimasungunuka. Ndiye kuti gawo limene anthu amalikonda koposa ndilo limayamba kuonongeka.

Kaamba ka ici mapulogalamu abwino ali ndi njira yochedwa VBR ya maulendo awiri. Pa ulendo woyamba kompyuta imangoonera kanema yense niizindikira malo obvuta ndi osavuta. Pa ulendo waciwiri imamana malo a zokamba niwonjezera malo a magule. Nchitoyi imatenga nthawi yowirikiza, ndipo mnyamata amene ali ndi makasitomala asanu pa mzere amakopeka kuidumpha. Pa kanema wa ola limodzi kuidumpha sikupweteka kanthu. Pa wa maola awiri kapena kuposa, kusiyana kwake ngakhale mwana amakuona.

Eni maphwando nao ali ndi mbali yao pa mlandu umenewu, pakuti ambiri amaumirira kuti zonse zimene zinajambulidwa kuyambira m'mawa kufikira usiku zilowe pa cimbale cimodzi, poganiza kuti cimbale cacitali ndico coyenera ndalama zao. Palibe mdzukulu amene adzakhale pansi kuonera mphindi 40 za galimoto zikuyenda mu msewu wa fumbi, kapena mzere wa anthu olandira mpunga. Kudula zoterezi kufikira kanema atatsala maola awiri kumapulumutsa nkhope za anthu. Koma mau a akuluakulu, a nkhoswe ndi a mafumu asadulidwe pofuna kusiyira malo magule, cifukwa pakapita zaka khumi ambiri mwa olankhulawo sadzakhalapo, ndipo mau aowo ndiwo banja lidzafuna. Ngati zofunika zapyola maola awiri ndi theka, zimbale ziwiri ziposa cimodzi copanikiza. Ciliponso cimbale ca miyalo iwiri ca 8.5 GB, koma ndi cokwera mtengo, ndipo makina akale amakonda kukakamira pamene acoka pa muyalo woyamba kupita pa waciwiri.

MAU NDI MATEPI AKALE

Mau ali ndi malamulo aoao. DVD imafuna mau a 48,000 Hz, pamene nyimbo za pa CD ndi za MP3 zambiri zili pa 44,100 Hz. Mnyamata akaika nyimbo ya kwaya pamwamba pa kanema popanda kuisandutsa bwino, makina angakane cimbale kapena kutulutsa cithunzi cosalankhula. Mtundu wa mau umene makina onse amamva ndiponso sudya malo ndi AC-3, pa mlingo wa 192 kapena 224 kbps. Wina wochedwa PCM ndi womveka bwino, koma uli pa 1,536 kbps, ndipo pa kanema wa maola awiri umameza pafupifupi 1.4 GB, kulanda cithunzi malo ake popanda phindu limene khutu lingamve pa wailesi ya pakhonde.

Kusemphana kwa mau ndi milomo kumacokera kwina. Foni siisunga liwiro limodzi pojambula. M'chalichi mwa mdima kapena dzuwa litalowa imacepetsa yokha zithunzi za pa sekondi, pamene mau amayenda mosasintha. Posandutsa, kusiyana kwakung'onoku kumaunjikana, kotero kuti paciyambi zonse zimagwirizana koma pofika pa ola lathunthu ng'oma imamveka dzanja lisanagwe. Kanema wa pa foni ayenera kuyamba waikidwa pa liwiro limodzi losasintha, ndipo woyesa cimbale adumphire ku mapeto, osangoona mphindi ziwiri zoyamba.

Kuyala nyimbo za oimba ochuka pamwamba pa ukwati wonse, mpaka kukwirira nthungululu ndi nyimbo za azimai a m'mudzi, ndi cizolowezi cimene cimaononga cinthu cokhaco cimene sicingagulidwe pa msika. Ndiponso lamulo la dziko lino la 1994 loteteza nchito za olemba ndi oimba limaletsa kukopera nyimbo za eni ake ndi kuzigulitsa popanda cilolezo. Cilolezo ca mtundu wina cimafunika kwa akuluakulu a mudzi, pakuti si zonse zoyenera kamera. Za m'nyumba ya cinamwali, kapena wodwala amene abvinidwa vimbuza, zikalowa pa cimbale zimayenda m'manja ambiri ndipo sizibwezeka.

M'masutikesi a mabanja ena muli matepi a VHS ndi timatepi ta MiniDV ta maukwati ndi maliro a zaka za m'ma 1990 ndi 2000, ndipo makina oonetsera matepiwa akusowa caka ndi caka. Kuwasamutsa ndi nchito yofulumira, koma ili ndi msampha wake. Pa matepi otere cithunzi ciri conse cinagawidwa pawiri, mizere yodumphadumpha yoyamba ndi mizere yotsalayo, ndipo magawo 50 amaonetsedwa pa sekondi motsatana. Pa MiniDV gawo la pansi ndilo limayamba. Mnyamata akauza pulogalamu kuti la pamwamba liyambe, ciri conse coyenda cimanjenjemera kutsogolo ndi kumbuyo ngati munthu wa malungo. Pa galasi la kompyuta kunjenjemerako kungabisike, koma pa wailesi ya cimimba kumaonekeratu. Kwa VHS, imene cithunzi cake ndi cofooka kale, malamulo a DVD amalola muyeso wa theka, 352 ndi 576, ndipo pa muyeso umenewu maola atatu kapena anai amalowa pa cimbale cimodzi popanda kutaya kanthu kooneka.

PA TSIKU LOLANDIRA

Kuocha kwenikweni ndiyo nchito yosavuta pa zonse, koma nakonso kumafuna kudekha. Zimbale zimalembedwa kuti 16x, koma kuocha pa 4x kapena 8x kumatulutsa cimbale cimene makina okalamba amawerenga mosabvutika. Mtundu wa DVD-R ndiwo umagwirizana ndi makina akale ambiri. Cimbale ciyenera kutsekedwa pomaliza, pakuti cosiyidwa cotseguka kuti ciwonjezeredwe zina makina a m'nyumba samaciwerenga. Magetsi akazima pakati pa kuocha, cimbale cafa, ndipo m'caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi a ku Kariba ndi magetsi nakhala ozimazima kwa maola ambiri pa tsiku, laputopu ya batire yamoyo inali yofunika kuposa kompyuta yaikulu ya pa tebulo. Mmisiri wosamala amasunga cimbale cimodzi ca DVD-RW, cimene cimafufutika, nayesa naco nchito yake pa makina enieni a DVD ndi wailesi ya kanema asanaononge cimbale ca kasitomala. Makina akale otere sadula, ndipo sitolo yoocha zimbale imene iribe iri ngati telala wopanda tepi yoyezera.

Wolandira cimbale ali ndi ufulu wopempha kuti ciyesedwe pamaso pake pa makina oterowo, poyamba, pakati pa magule ndi pothera, asanapereke ndalama zotsala. Amene angathe kumanga makina ake a kumudzi pa keriyala ya njinga acita bwino koposa, pakuti pamenepo mkangano wonse umathera m'sitolo momwemo.

Cinthu cina cimene mabanja ambiri sadziwa kupempha ndico fayilo yoyambirira. Foni kapena kamera ya lero imajambula timadontho 1,920 ndi 1,080, ndiye kuti topyola 2,000,000 pa cithunzi cimodzi. DVD ya PAL imasunga 414,720, gawo limodzi lokha mwa magawo asanu. Magawo anai otsalawo amatayika posandutsa, ndipo palibe pulogalamu imene ingawabweze kucokera pa cimbale. Pamene mnyamata afufuta fayilo yoyambirira kuti apeze malo a ukwati wa sabata yamawa, banja limatsala ndi cithunzi cocepa kwamuyaya, ngakhale mtsogolo lidzagule wailesi yaikulu. Kanema wotumizidwa pa WhatsApp mwa njira wamba salowa m'malo mwa fayiloyo, cifukwa WhatsApp imamufinya kuti apepuke, ndipo cimbale copangidwa kucokera ku kanema wofinyidwa kale cimakhala cofooka kawiri. Banja lipite ndi fulashi kapena memori khadi yakeyake, ndipo fayilo ikopedwe kucokera ku kamera kapena ku kompyuta mwacindunji. Fulashi zambiri zimene mawailesi ndi makina a DVD amawerenga zili pa dongosolo la FAT32, limene sililandira fayilo imodzi yopyola 4 GB, conco kanema wautali agawidwe m'zigawo.

Cimbale coochedwa panyumba sicifanana ndi ca ku fakitale. Kanema wake walembedwa pa utoto wopyapyala umene uli pakati pa mapulasitiki awiri, ndipo utotowo umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi cinyezi. Cimbale cosiyidwa pa windo, kapena cosomekedwa ku denga la malata m'mwezi wotentha mvula isanagwe, cingathe m'zaka zowerengeka. Malo ake ndi m'cikwama cake, m'sutikesi ya zikalata, ndipo cigwiridwe m'mphepete. Fulashi nayo imafa mwadzidzidzi kapena kubwerekedwa osabwerera, conco kope limodzi likhale kwa makolo a mwamuna, lina kwa makolo a mkazi. Pepala lomata pamwamba limalemeretsa cimbale mbali imodzi ndi kucizunguza mopendama, ndipo bolopeni imakanda. Polemba pamafunika cholembera cofewa ca inki, ndipo zolembedwa zikhale maina a akwati, mudzi wao, mfumu yao ndi caka, pakuti zimbale zosalembedwa zonse zimafanana, ndipo ana amazitenga kukapanga magudumu a galimoto zao za mawaya.